Kuphunzira tchire la eni pa nthawi ya chisanu

Pa 21 Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa kuno ku Glasgow, ku Scotland, ndipo pofika 3:45 masana limakhala litalowa. Ndi maola 7 okha, ndipo masiku ambiri dzuwalo silioneka n'komwe chifukwa cha mitambo. Ku Lilongwe tsiku lalifupi kwambiri pa chaka, la mu Juni, limapitirirabe maola 11. Kusiyana kumeneku thupi limakumva. Mawotchi akangobwezedwa ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, moyo wa ambiri a ife ochokera kumudzi umafota n'kutsala m'nyumba, m'basi, kuntchito ndi kutchalitchi. Makatani amatsekedwa 4 koloko isanakwane, hita imayatsidwa diso lili pa mita, ana amakhala pa foni, ndipo timangowerenga masabata kuti Epulo afika liti.

Sindikunyoza aliyense. Kuzizira kwa kuno kumalowa m'mafupa, ndipo munthu amene wachezera usiku wonse kusamalira okalamba ali ndi ufulu wofunda bulangete mpaka madzulo. Koma ndikufuna kulankhulira chinthu chimene ndimachikhulupirira ndi mtima wonse: maphunziro a zachilengedwe amene amachitikira m'maholo a m'madera pa nyengo yachisanu. Amakonzedwa kuti ana ndi akulu aziphunzira limodzi, ambiri ndi aulere kapena a ndalama yochepa, koma ife sitipitako. Tikapitako timasiya ana pakhomo n'kuthamangira kogula zinthu, poganiza kuti kudziwa mtengo ndi mbalame ndi nkhani ya ana a pulaimale. Ine ndikuona kuti akuluakulufe ndi amene tikuwasowa kwambiri maphunzirowa.

Holo ya m'dera lathu, community centre, ndi nyumba wamba. Masana ena mumachitika masewera olimbitsa thupi a azigogo, madzulo ena mumagawidwa zakudya kwa ovutika. Loweruka m'mawa, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, mumabwera mlangizi wa zachilengedwe ndi anthu angapo ongodzipereka. Pakhomo pamakhala mabokosi a majombo ndi majekete a mvula obwereketsa, a misinkhu yonse. Timakumana, kumva zimene tikukafuna tsikulo, kutuluka kupita ku paki kapena m'mbali mwa mtsinje, n'kubwerako zala zitachita dzanzi, kudzamwa supu ndi kuyala pa tebulo zimene tatola. Nthawi zina pamakhala ulendo wamadzulo wa akulu ndi ana okulirapo. Kaphunzitsidwe kotere kali ndi mbiri yake. Mu 1993 aphunzitsi a ku Bridgwater College ku Somerset anapita ku Denmark kukaona mmene ana a mkaka amaphunzirira panja chaka chonse, mvula kaya chisanu, ndipo atabwerako anayambitsa chimene lero chimatchedwa Forest School. Alangizi ambiri amene timakumana nawo m'maholomu anadutsa m'kaphunzitsidwe kameneko.

Anzanga amandifunsa kuti bwanji osadikira nyengo yofunda. M'chisanu muli chiyani choona, poti mitengo yayoyoka ndipo zonse zaoneka zakufa? Komatu nthawi imeneyi ndi imene tchire limaonetsa za m'kati mwake. Masamba akachoka, zisa zakale zimaonekera, mbalame zimasowa pobisala, ndipo matope ndi chipale chofewa zimasunga mapazi a chilichonse chimene chadutsa usiku. Ngakhale mdima wofulumirawo umathandiza. Mwana wa zaka 6 angathe kumva kadzidzi akulira 5 koloko madzulo n'kukagona pa nthawi yake, pamene mu Juni kuno kumakhala kukuwalabe 10 koloko usiku.

Phunziro loyamba limene linandigwira mtima ndi la mitengo yopanda masamba. Amakuphunzitsa kuizindikira poona khungwa ndi timaso ta pa nthambi, mmene mwabisala masamba a chaka chamawa. Ta mtengo wa ash ndi takuda bii, tokhala tiwiritiwiri moyang'anizana. Ta beech ndi tatitali, tosongoka, tofiirira. Ta horse chestnut ndi tonenepa, ndipo ukatikhudza timamata chala. Ukangodziwa zitatuzi, msewu umene wakhala ukudutsamo zaka zambiri umasanduka wina, chifukwa suonanso mitengo chabe. Umaona kuti uwu ndi ash, ndipo nsonga zake zauma chifukwa cha matenda a bowa amene anatsimikizika ku Britain mu 2012 ndipo akupululutsa mitengo ya mtunduwu dziko lonse. Mlangizi anatifotokozera kuti mtengo umataya masamba pofuna kusunga madzi, chifukwa nthaka ikaundana mizu imalephera kukoka, komanso kuwala kumakhala kochepa moti tsamba silipindulanso. Ndinamuuza kuti mitengo ya miombo kwathu imachita zomwezo m'chilimwe chifukwa cha chilala, ndi kuti tili ndi nsangu, umene umayoyola masamba mvula ikamagwa n'kuphuka ena onse atauma, n'chifukwa chake chimanga chimachita bwino pansi pake. Anatulutsa kabuku kake n'kulemba dzinalo.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi la akadzidzi. Kunja kunali mphepo yamkuntho, choncho tinatsala m'holo. Pa tebulo lililonse anaikapo mbale zapepala, timitengo totokosera m'mano, magalasi okuzira zinthu, ndi tizigamphu totuwa mokuderako, tofanana kukula ndi chala chachikulu cha kudzanja. Kadzidzi amameza mbewa yathunthu. Mnofu umagayika, koma ubweya ndi mafupa zimaumbana m'mimba, ndipo patapita maola amazilavula. Tizigamphu timeneti ndi timene alangizi amatola pansi pa denga la khola lakale, kutiphika mu uvuni kuti majeremusi afe, n'kubweretsera ophunzira.

Pa tebulo lathu panali amayi ena achikulire ochokera kwathu ku Malawi, amene anabwera kudzalera zidzukulu. Atamva kuti zinthuzo ndi za kadzidzi anabweza mpando m'mbuyo n'kupinda manja.

"Achimwene, zimenezi ine ayi. Mbalame imeneyi ikalira pa denga mukudziwa nokha tanthauzo lake."

"Ndikudziwa, amayi. Ingokhalani muzionerera, palibe akukukakamizani."

Sindinawaseke, ndipo sindikufuna aliyense awaseke. Tonse tinakula tikumva kuti kadzidzi amaitana maliro, ndipo mantha amene unayamwira sachoka chifukwa chakuti wakwera ndege. Mdzukulu wawo, mnyamata wa zaka ngati 8, ananyowetsa kachigamphu kake ndi madzi n'kuyamba kukafumbula pang'onopang'ono. Munatuluka kansagwada, kenako timafupa ta m'miyendo, kenako kachigaza kathunthu, mano awiri akutsogolo achikasu ali m'malo mwake.

"Agogo, taonani mano ake!"

Agogowo anasendera. Anatenga galasi, kuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Imeneyi ndi mbewa yodya udzu. Ya m'nyumba mano ake sakhala chonchi." Ananena zoona. Inali field vole, mbewa ya m'tchire ya mchira waufupi imene ndi chakudya chachikulu cha akadzidzi oyera a kuno, ndipo mano ake otafunira ali ndi mizere yokhotakhota yoperera udzu. Pa tebulo lina anapeza kachigaza kosongoka, ka mano a nsonga zofiira, ka kanyama kotchedwa shrew, konga swiswiri wa kwathu. Kadzidzi mmodzi amadya mbewa zitatu kapena zinayi usiku umodzi. Agogo aja anawerengetsera okha m'mutu kuti pa mwezi ndi mbewa zingati, n'kufunsa kuti nanga nkhokwe ingapulumuke bwanji popanda mbalame yotere. Sanagwire kachigamphuko ndi dzanja mpaka tsiku linatha, koma ndi iwo amene anasanja mafupa pa pepala lakuda, mutu pamwamba, nthiti pakati, mdzukulu akupaka guluu.

Apa ndi pamene pagona mfundo yanga. Timaganiza kuti m'maphunziro otere tikhala mbuli pakati pa azungu odziwa mayina a Chilatini. Koma munthu amene anakulira ku Dedza kapena ku Ntcheu, amene anakumbapo mbewa tchire litapsa, amene amasiyanitsa una wokhalamo ndi una wosiyidwa pongoona dothi la pakhomo pake, ali ndi diso limene ambiri obadwira m'tauni ya kuno alibe. Mayina okha ndi amene amamusowa. Tsiku lina m'mbali mwa mtsinje mlangizi anatifunsa kuti mapazi a pa matope ndi a galu kapena a nkhandwe. Bambo wina wa ku Zambia, amene sanalankhulepo chiyambire, anangoloza n'kunena kuti galu sayenda mzere wowongoka chonchi, amakhotakhota ndi kununkhiza, koma ichi chimadziwa kumene chikupita. Mlangizi anawonjezera njira ya m'mabuku: phazi la nkhandwe ndi lowonda, ndipo ungathe kulemba X pakati pa zala ndi chidendene osakhudza chilichonse. Ana anamva zonse ziwiri. Mwana wa bambo uja anawayang'ana bambo ake mwa mtundu wina tsiku limenelo, ndipo zimenezi sindiziona mopepuka, chifukwa ana athu kuno amazolowera kuona makolo awo akufunsa njira, akufunsa tanthauzo la kalata, akuwongoleredwa katchulidwe. N'kofunika kuti nthawi zina aziwaona akudziwa.

Ambiri a ife amuna tinakula ndi legeni m'khosi ndi ulimbo m'chitini. Kuno zimenezo ndi mlandu, pakuti lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limateteza mbalame zakutchire, mazira ndi zisa zake. Koma luso lokhala chete pansi pa mtengo, lomva kulira n'kudziwa kuti mbalameyo ili pa nthambi iti, ndi lomwelo. Limangosintha ntchito.

Ulendo umene ndimalimbikitsa aliyense ndi wa ku Hogganfield Loch, kanyanja ka kum'mawa kwa mzinda, kofikika pa basi. Chaka chonse pamakhala mbalame zoyera zazikulu za khosi lalitali zotchedwa swan, za milomo yofiirira. Koma chisanu chikayamba zimafika zina za milomo yachikasu, za khosi lowongoka, zolira mokweza. Zimenezi ndi whooper swan, ndipo zimachokera ku Iceland, kuwoloka nyanja yamchere mtunda wa makilomita oposa 800. Kwa izo Scotland ndi dziko lofunda. Mwana wanga wamkazi atamva zimenezi anati, "Adadi, ndiye kuti zimabwera kuno kudzawotha?" Ndi momwemo. M'mitengo ya zipatso zofiira ya m'misewu mumadzaza mbalame zotchedwa redwing ndi fieldfare zochokera ku Scandinavia, zimene m'nyengo yofunda simungazione. Nyengo imene ife timati yakufa ndi imene dziko lino limalandira alendo ochuluka.

Kumwera, kumene Scotland amachita malire ndi England, kuli gombe la Solway Firth. Atsekwe otchedwa barnacle amene amaswana ku zilumba za Svalbard, kumpoto kwenikweni kwa Norway, pafupifupi onse amadzathera chisanu kumeneko atauluka makilomita pafupifupi 3,000. M'zaka za m'ma 1940 anatsala mazana ochepa chabe chifukwa cha kusakidwa ndi kusokonezedwa. Atatetezedwa, ndi malo ngati Caerlaverock atapatulidwa, anachuluka kupitirira 30,000. Kenako m'chisanu cha 2021 mpaka 2022 chimfine cha mbalame chinapha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Nkhani yonseyi, kutsika, kukwera ndi kugwanso, timaidziwa chifukwa pali anthu amene amaima pa mphepo chaka ndi chaka n'kumawerenga.

Kuwerenga kumeneku ndi kumene kumapatsa maphunzirowa msana, kuti asangokhala kuyenda kokapitidwa mphepo. Kumapeto kwa Januwale chaka chilichonse bungwe loteteza mbalame la RSPB limachititsa mwambo wowerenga mbalame wotchedwa Big Garden Birdwatch. Unayamba mu 1979 ngati ntchito ya ana, ndipo lero anthu mazana a masauzande amachita nawo. Malamulo ake ndi osavuta: ukhale ola limodzi pa zenera, pa khonde kapena m'paki, ulembe chiwerengero chachikulu cha mbalame za mtundu umodzi zimene watera nthawi imodzi, osawerengera zongodutsa m'mwamba, n'kutumiza pa intaneti. Ngakhale usaone kanthu umatumizabe, chifukwa kusowa kwa mbalame nakonso ndi uthenga. Ku holo kwathu Januwale yense amathera pokonzekera ola limenelo. Mpheta za m'nyumba, zomwe zija timazionanso m'mashopu a ku Limbe, zakhala zikutsogola pa mndandanda kwa zaka zambiri, komabe chiwerengero chake chatsika kuposa theka kuyambira 1979, ndipo cha mbalame zotchedwa starling chatsika kwambiri kuposa pamenepo. Ku America mwambo wofanana ndi umenewu ndi wakale kwambiri. Mu 1900 Frank Chapman anapempha anthu kuti pa Khirisimasi, m'malo mopikisana kuwombera mbalame monga ankachitira, aziziwerenga. Anayamba anthu 27, ndipo mpaka lero kuwerengako kukuchitika chaka chilichonse.

Chimandikhudza n'chakuti mayi wokhala pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri, amene mapepala ake okhalira m'dziko akadali m'njira, akalemba kuti waona mpheta zinayi ndi robin mmodzi, nambala yake imalowa m'kaundula mofanana ndi ya pulofesa. Ndi zochepa zimene dziko lachilendo limakulandira nazo popanda kukufunsa chiphaso.

Zolepheretsa zilipo, ndipo sizonamizira. Loweruka m'mawa ambiri a ife tili pa shifiti kapena tangoweruka. Jombo ndi jekete labwino la mwana amene akukula msanga zimadya ndalama imene ikanapita kumudzi. Ndipo pali chija chosatchulika, cholowa m'chipinda n'kupeza kuti wakuda ndiwe wekha. Sichili m'mutu mwathu mokha. Rhiane Fatinikun anayambitsa Black Girls Hike mu 2019 ku Manchester, ndipo gulu loonera mbalame la Flock Together linayamba ku London mu 2020, chifukwa anthu akuda ambiri ankaona kuti tchire la dziko lino si lawo. Okonza maphunzirowa nawonso ali ndi mbali yawo. Chikalata chomata pa khoma la holo sichifika kwa munthu amene salowa m'holomo. Uthenga wathu umayenda pa WhatsApp, m'zolengeza za kutchalitchi ndi m'shopu yogulitsa ufa ndi usipa. Ndinawauza zimenezi a ku holo kwathu, ndipo ndinapempha kuti kamodzi pa mwezi phunziro lizichitika Lamlungu masana, mapemphero atatha, kusanade. Komanso bokosi la majombo lija lizilembedwa poyera pa chikalata, chifukwa munthu wamkulu safuna kukafunsa pa gulu ngati pali zobwereka.

Koma mbali yathu ndi yaikulu. Ku Scotland lamulo la Land Reform Act la 2003 limapatsa aliyense ufulu woyenda pafupifupi paliponse, m'nkhalango, m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje, bola asaononge kanthu ndipo asalowe pabwalo la nyumba ya munthu kapena kuponda mbewu. Ufulu umenewu si wa nzika zokha. Ambiri a ife sitiudziwa, timaopa kuti wina atithamangitsa, ndipo timakhala zaka 10 m'dziko tikudziwa njira ya ku eyapoti yokha. Za thanzi nazo n'zodziwika: a zaumoyo a boma, a NHS, amalangiza kuti kuyambira Okutobala mpaka Malichi aliyense aganizire zomwa ma microgram 10 a vitamini D pa tsiku, chifukwa dzuwa la kuno nyengo imeneyi silikwanira, ndipo ife a khungu lakuda tiganizire zomwa chaka chonse. Kuyenda panja sikulowa m'malo mwa mapiritsiwo. Koma kulemera kwa mtima kuja kumene kumabwera mu Januwale, kumene timakubisa ponena kuti tangotopa, ine ndaona kukupepuka ndikakhala panja masana, ngakhale kuli mitambo.

Ana amafunsa mafunso amene akulu timachita nawo manyazi. Kodi kanungu wapita kuti? Wagona pansi pa mulu wa masamba, mtima ukugunda pang'onopang'ono, thupi litazizira, mpaka Malichi kapena Epulo. Ku Britain nyama zoyamwitsa zimene zimagona tulo ta chisanu chonse ndi akanungu, mileme ndi timbewa totchedwa dormouse basi. Agologolo sagona motero, amangofukula zimene anakwirira. Nanga timbalame tating'ono sitifa ndi chisanu? Tambiri timafa. Goldcrest amalemera magalamu 5 kapena 6 okha, ndipo usiku wa maola 17 ndi wautali kwa kathupi kotere. Timbalame totchedwa wren timaunjikana kuti tifunditsane, ndipo ku Norfolk anawerengapo toposa 60 tikulowa m'bokosi limodzi.

Funso lina linali lakuti anamzeze apita kuti. Mlangizi anafotokoza kuti mu 1911 namzeze wina anavekedwa kamphete pa mwendo ku Staffordshire, ndipo mu Disembala 1912 anapezeka ku Natal, ku South Africa. Umenewu unali umboni woyamba wakuti anamzeze a ku Britain amakafika kumwera kwa Africa. Kenako anatembenukira kwa ife n'kufunsa ngati kwathu timawaona. Tinayankha tonse pamodzi kuti inde, amafika mvula ikayandikira, amandanda pa mawaya a magetsi, ndipo akamauluka chapansipansi timadziwa kuti ngumbi zatuluka. Ana obadwira kuno anamva kwa nthawi yoyamba kuti mbalame imene aphunzitsi awo amati yapita, makolo awo amaidziwa kumene imapitako. Theka la nkhani ya mbalameyi linali ndi mlangizi, theka lina linali ndi ife.

Febuluwale ndi mwezi wa mabokosi a zisa, chifukwa mbalame zimayamba kufunafuna malo chisanu chisanathe, ndipo sabata yolimbikitsa zimenezi imayamba pa 14 Febuluwale. Matabwa amabwera odulidwa kale, osapakidwa mankhwala. Ana amagwira, akulu amakhoma, ngakhale pa tebulo lathu agogo aja analanda hamala ponena kuti tikupinda misomali. Chofunika kwambiri ndi kukula kwa bowo. Mamilimita 25 ndi a blue tit, 28 ndi a great tit, 32 ndi a mpheta. Pansi pa bokosi pamabooledwa timabowo totulutsira madzi, ndipo pakhomo sipaikidwa kamtengo koterapo chifukwa kamathandiza adani. Bokosi limayang'ana pakati pa kumpoto ndi kum'mawa kuti dzuwa la masana ndi mvula ya kumadzulo zisalowe, ndipo limakhomedwa mamita awiri kapena kuposa, kumene mphaka sangafike. Ife tinasankha bowo la 32. Mpheta zimakonda kuswana moyandikana, choncho mlangizi anati bokosi limodzi silikwanira, pafunika atatu ondandana pansi pa denga. Awiri otsalawo tapempha mabanja ena a m'gulu lathu la WhatsApp kuti abwere adzakhome, ndipo majombo a ana awo talembetsa kale masaizi.